Lolira la Kumanzere, Lothandizidwa la Kumanja

Ndiyambe ndi kuulula. Kwa chaka chathunthu, ine munthu wa imvi, wa zidzukulu, woitanidwa kukakhala kutsogolo pa zinkhoswe za anthu, ndinkakhulupirira kuti m'galimoto yanga muli ketulo.

Musaseke msanga. Tsegulani boneti ya galimoto izi zochokera ku Japan, muyang'ane pakona, pambali pa injini. Mudzaona kachitsulo koyera ngati ka mapoto, kotalika ngati njerwa yodulidwa pakati. Mbali ina kali ndi kamota kobulungira, mbali inayo kabokosi kakuda, ndipo pamwamba pake patuluka timapaipi tisanu ndi kamodzi ngati miyendo ya chiwala. Nditakaona koyamba ndinadzifunsa kuti, kodi a ku Japan ali ndi chiyani chimene ife tilibe? Kuzizira. Ndinamva kuti kumeneko madzi amauma gwa ali mumtsuko. Ndiye ndinati basi, iyi ndi ketulo yotenthetsera mafuta a mabuleki. Amalowa ozizira, amatuluka ofunda. Kuno ku Mchinji, kumene mu Okutobala ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, ketulo ya chiyani?

Nzeru imeneyi sindinaisunge ndekha. Ndinaigawa pa bawo, ndinaigawa kwa ometa tsitsi, ndinaigawanso pa maliro awiri. Ndinali ndi lamulo langa: chilichonse chimene sindikuchimvetsa m'galimoto ndi cha kuzizira kwa ku Japan. Batani losadziwika? Za kuzizira. Zilembo zitatu zija zimayaka pa dashibodi, ABS, ndinkati ndi chidule cha dzina la mwini wake woyamba.

Sabata ino ketulo imeneyi yatsala pang'ono kundilanditsa makiyi. Ndipo munthu wa msinkhu wanga akalandidwa makiyi sabwezeredwa. Chotsatira amamugulira ndodo.

Galimotoyi anagula ndi mwana wathu Tiyamike, amene amachita geni ya pa boda: amakaoda zitenje ndi mbale ku Zambia n'kumadzagulitsa kuno. Anaisiya pakhomo pathu kwa Zulu, makiyi n'kupatsa ine, poti laisensi ndinatenga kalekale pamene ndinkayendetsako thirakitala pa esiteti ya fodya. Koma ntchito yanga yeniyeni, ya zaka makumi atatu, inali yokonza njinga pamsika. Sukulu ndinalekezera Sitandade faifi, koma palibe sipoko imene inandinyozapo.

Mwezi watha ketulo ija inayamba kudontha, nyali ya ABS n'kuyaka osazimanso. Tiyamike anapempha dalaivala wina wa thiraki, mnzake wa pa boda, kuti amupezere ina yogwirapo kale ntchito ku Chipata. Itabwera anaisiya m'katoni patebulo, n'kundiuza kawiri konse kuti ndipite nayo kwa a Sakala, makaniko wathu wa pa Boma. Iye n'kukwera basi ya ku Lusaka.

Kwa a Sakala ndinapita, zimenezo ndisanamiziridwe. Ndinapeza galaja ili yotseka, akuti apita ku maliro a apongozi awo, abwera sabata yamawa. Ndinabwerera katoni ili pampando wa pambali ikundiyang'ana. Nanenso ndinaiyang'ana. Mabawuti ochepa, pulagi imodzi ya mawaya, ndi timapaipi tija. Munthu amene ankaluka limu yonse ya njinga, sipoko ndi sipoko, maso ali pa anthu odutsa, angaope timapaipi tisanu ndi kamodzi?

Ndinamasula tonse nthawi imodzi, osaika chizindikiro ngakhale cha choko. Ndiike chifukwa chiyani? Madzi a m'ketulo ndi amodzi, kaya uthira m'kapu yofiira, kaya yobiriwira. Pobwezera, tinayi tinalowa tokha mwaulemu. Tiwiri tinkakana. Pa bowo lililonse panali tizilembo, FL apa, FR apo, koma ndinati ndi amisiri a ku fakitale ankasainira ntchito yawo. Paipi yokana n'chimodzimodzi sipoko yokana. Umaipinda pang'ono, imamva.

Kenaka panafunika kutulutsa mpweya m'mapaipi, ntchito ya anthu awiri imene ndinaionerapo kwa a Sakala. Ndinaitana mayi a kunyumba, a Nabanda, kuti akhale pampando wa dalaivala azipopa buleki ine ndili pansi pa matayala. Anapopa masana onse. Anandifunsa kamodzi kokha ngati a Sakala akudziwa zimenezi. Ndinawayankha kuti a Sakala ali pa maliro, si bwino kuwasokoneza ndi nkhani za dziko lapansi.

Ndinaliza injini. Nyali ija inayaka, n'kuzima yokha monga iyenera. Ndinayesa buleki pabwalo, galimoto inaima nji. Milungu itatu ndinayenda nayo mutu uli m'mwamba. Tiyamike atafunsa pa foni ndinangoti zatheka. Sanafunse kuti wazitheketsa ndani, ndipo ine sindiyankha mafunso osafunsidwa.

Ndiye linafika Lolemba lapitali. Mvula yoyamba inali itagwa dzulo lake, ine ndili pa ulendo wa ku Chiosya kukacheza ndi mnzanga. Msewu wa dothi, pakati pouma kale, koma m'mphepete muli thope lofiira loterera ngati therere. Pokhota pena, ngolo ya ng'ombe inangoti balamanthu kuchokera m'kanjira, itadzaza manyowa. Ndinapatukira kumanzere, matayala awiri n'kulowa m'thope, n'kuponda buleki ndi mphamvu zonse zimene zatsala mumwendo uno.

Chopondera chinayamba kunjenjemera pansi pa phazi, chikulira ngati chigayo chopanda chimanga. Koma galimoto osaima. Ine ndikupotoza chiwongolero kumanja, iyo ikutsetsereka kumanzere. Inadumpha kangalande, n'kuyamba kukwera mizere ya mtedza ya mayi wina, woyamba, wachiwiri, wachitatu, n'kukaima pa wachisanu ngati yabwera kudzabzala.

Palibe anavulala. Ng'ombe zinandiyang'ana n'kupitiriza ulendo wawo. Mwini munda anabwera khasu lili paphewa, n'kundifunsa mwaulemu ngati ndasochera kapena ndabwera kudzapempha ganyu. Anthu anasonkhana kudzandikankha, koma asanagwire galimoto aliyense anayamba watulutsa foni. Masiku ano munthu akagwa, chithandizo choyamba ndi kumujambula. Ndisanafike kunyumba, chithunzi chinali chitawoloka kale boda, n'kukamupeza Tiyamike ali pamzere ndi katundu wake ku Mwami.

Lachiwiri m'mawa anafika pakhomo. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anagwada, n'kupereka moni, n'kuyamba kufunsa za maso anga, za miyendo yanga, za shuga, ngati nesi. Kenaka anatambasula dzanja.

"Ababa, makiyi. Dzulo ndi munda wa mtedza, mawa ndi mwana wa munthu."

Ndinamuuza kuti maso anga amaona utitiri pa nkhuku ya a neba, ndipo kuti galimoto inakoka yokha. Anati madalaivala onse a pa boda amatero akagwetsa thiraki. Tinakangana mwaulemu mpaka tiyi kuzizira, kenaka tinagwirizana. Lachinayi tipita nayo kwa a Sakala. Vuto likapezeka m'galimoto, makiyi abwerera. Likapanda kupezeka, ndiye kuti vuto limakhala pampando, ndipo galimoto aigulitsa. Nthawi yonseyi a Nabanda anali kusankha nyemba m'lichero, osadzutsa mutu.

Mwaiona nkhani yangayo? Kuti ndipambane panafunika papezeke cholakwika pansi pa boneti. Koma womaliza kugwira pansi pa boneti ndi ine. Masiku awiri ndinayenda wapansi ndikupemphera pemphero la mitu iwiri: Ambuye, achipeze. Ambuye, asafunse.

Lachinayi anayendetsa ndi Tiyamike, ine pampando wa pambali ngati thumba la chimanga, a Nabanda kumbuyo poti ankafuna kukagula mchere pa Boma.

A Sakala ndi munthu wosafulumira. Anamva nkhani yonse osadula mawu. Analiza injini, nyali zonse pa dashibodi zinazima bwinobwino. Analumikiza kamakina kawo kofunsira kompyuta ya galimoto, kompyuta inati kulibe mlandu. Tiyamike anandiyang'ana ndi chisoni chija chimene ana amayang'ana nacho makolo akaiwala dzina la mdzukulu.

Koma a Sakala anatsegula boneti n'kuyang'anitsitsa timapaipi tija. Kenaka anayamba kundiphunzitsa, pamaso pa mkazi wanga ndi mwana wanga, za ketulo yanga.

Akuti si ketulo. Pa tayala lililonse pali kasensa kamene kamamva mmene tayalalo likuzungulirira, n'kumatumiza uthenga pa waya ku kabokosi kakuda kaja, kamene ndi kompyuta. Ukaponda buleki mwamphamvu poterera, tayala limagwidwa kolimba mpaka kuleka kuzungulira, n'kumangotsetsereka, ndipo tayala lotero silimvera chiwongolero. Kompyuta ikamva kuti tayala lakuti lagwidwa pakhosi, imatsegula kavalavu, kachitseko kakang'ono m'kati mwa chitsulo choyera chija, kuti mafuta achepe mphamvu pa tayala lokhalo, lipume, lizungulirenso. Kamota kobulungira kaja n'ka pampu yobwezera mafutawo. Kugwira, kusiya, kugwira, kusiya, mofulumira kuposa kuphethira. Kunjenjemera kwa chopondera kuja ndiye ntchitoyo ikugwirika, ndipo phazi sachotsa. N'chifukwa chake paipi iliyonse ili ndi bowo lakelake. FL ndi la tayala lakutsogolo kumanzere, FR ndi la kutsogolo kumanja. Palibe wa ku fakitale anasaina.

Atatero anayala thumba pansi. Anagwira paipi ya pa FL ndi chala, n'kuyamba kuilondola pang'onopang'ono, kuchokera pamwamba, kutsika, mpaka kugona chagada kunsi kwa galimoto. Tonse tinawerama. Chala chinakatulukira ku tayala la kumanja.

"Madala, kuyendetsa simunalakwitse," anatero akudzisansa fumbi. "Tayala la kumanzere ndi limene linali m'thope likulira. Kompyuta inamva, n'kutumiza thandizo. Koma thandizolo linkafikira la kumanja, limene linali pouma likugwira bwinobwino. Lakumanzere likalira kwambiri, lakumanja limamasulidwa kwambiri. Galimoto ikanaima ndi chiyani?"

Tiyamike anafunsa chifukwa chake nyali sinayake kuti itichenjeze. A Sakala anati kompyuta imadziwa mawaya ake, imadziwa mavalavu ake, koma kumene paipi yalowera ikatuluka pakhomo, siiona. Kwa iyo ntchito inagwiridwa bwino lomwe.

Ndiye linabwera funso lija. A Sakala anati ntchito iyi si yawo, anamanga ndani?

Ndinati mmisiri wina woyendayenda, wa tsidya lija la ku Mwami, wamfupi, wa chipewa, dzina ndaiwala. Ndinayang'ana a Nabanda. A Nabanda anali kuwerenga chikwangwani cha galaja ngati chalembedwa lero. A Sakala, amene ndinkamata machubu a njinga ya bambo awo iwo akadali pa sukulu, anayang'ana mmene mapaipi anapindidwira, kenaka anayang'ana manja anga.

"Mukadzamuona mmisiriyo, madala, mudzamuuze kuti mapindidwe ake ndi okongola. Koma abwerere ku njinga."

Mapaipi anabwezeredwa m'malo mwake, mpweya unatulutsidwa, a Sakala anakaiyesa pa msewu wa miyala, inaima mowongoka. Tiyamike anandipatsa makiyi ndi manja awiri, akupepesa kuti anandiganizira zolakwika. Ndinamukhululukira ndi mtima wonse. Ndipo inu owerenga, mwanayu nyuzipepala sawerenga, amangokulungira mbale zake. Tsamba lino mukalipeza pa mbale, ling'ambeni.

Pobwerera, chiwongolero chili m'manja mwanga, mutu unayamba kugwira ntchito. Dziko lathu lino, abale anga, si la anthu ouma mtima. Munthu akalira timamva, timathamanga. Kungoti mapaipi athu ndi osinthanitsidwa.

Pitani pa maliro. Wolira ali m'nyumba, pamphasa, chitenje kumutu, kuyambira dzulo sanalawe kanthu. Uthenga wamveka, anthu abwera, mbuzi yaphedwa. Tsono londolani mbale ya chiwindi ndi chala. Ikatulukira kuti? Pansi pa mtengo, pa mipando ya pulasitiki, pamene takhala ife amadala amene malemuyo tinkangomuona pamsika. Namfedwa alandira msuzi ndi fupa dzuwa litapendeka, ngati latsala. Ine ndadyapo ziwindi zotere zambiri, ndipo sindinabwezepo ngakhale chimodzi.

Nanga feteleza wotsika mtengo uja? Wolira ndi mayi wa munda wa mchenga, wolera ana a malemu mchemwali wake. Dzina lake lalembedwa, lawerengedwa pagulu, anthu aomba m'manja. Thumba limanyamuka ndi dzina lake. Pokatuluka, latulukira kuseri kwa golosale ya munthu amene chimanga amachiona chitapsa kale, mwinanso n'kuwoloka malire pa njinga kukabereketsa munda wa tsidya lina. Chaka chamawa mayi uja alira koposa, akuluakulu amva chisoni koposa, awonjezera matumba. Wa golosale amanga chipinda china.

Za mjigo sindinena zambiri. Otunga madzi kudambo pamodzi ndi ng'ombe ali kumtunda, koma makina okumbira amatopa pa khomo limene lawaphera nkhuku.

Chimene chikundisowetsa mtendere kwenikweni ndi dashibodi. Nyali siyaka. Lipoti limapita kumtunda loyera: thandizo linatumizidwa, thandizo linafika. Ndipo palibe wanama, linafikadi. Ofufuza akabwera amalumikiza kamakina kawo, amafunsa mapepala, mapepala amati kulibe mlandu. Ndiye amatembenukira kwa wolira uja n'kumuuza kuti vuto ndi iyeyo. Ndi waulesi, sadziwa kulima, wakalamba. Zimenezo ndazilawa masiku awiri ndikuyenda wapansi, ngakhale kuti ine, tinene zoona, ndinali ndi mbali yanga.

A Sakala sanakhulupirire kamakina kawo komwe. Anagona pathumba. Kodi mwa anthu a matayi aja, ndani angalole kudetsa malaya kuti alondole thumba limodzi lokha ndi chala, kuchokera pa dzina mpaka pa mzere wa chimanga? Ndipo atalilondola n'kufunsa kuti anapinda paipi ndani, mukuganiza kuti adzamva yankho lotani? Mmisiri woyendayenda, wamfupi, wa chipewa. Boma lonse la Mchinji linamuonapo, koma dzina palibe akulikumbuka. Ine ndimameta naye ndevu m'mawa uliwonse.

Madzulo a Lachinayi lomwelo, Tiyamike atabwerera ku boda, tinakhala pakhonde tikuswa mtedza wa mbewu. Makiyi ndinawaika pa bondo kuti ndiziwaona. Ndinawafotokozera a Nabanda nzeru zonsezi, za maliro, za feteleza, za mjigo, ndikuyesera mawu a tsamba lino. Ndinawathokozanso chifukwa chowerenga chikwangwani chija pa nthawi yake. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja osaleka ntchito. Kenaka anakhuthula makoko amene anali pa chitenje, n'kutenga makiyi pa bondo langa ngati akutola mtedza wagwa.

"Mwalankhula bwino, bambo a Tiya. Nanga amene anamulirira mwana kuti mabondo akana, sangathenso kuyenda wapansi kupita kuchipatala ndi kutchalitchi, ndani? Ndi ine. Galimoto inabwera n'kukatulukira ku bawo. Makiyiwa azigona m'chitini changa cha ulusi. Mukafuna kupita kwa anzanu muzipempha, ndipo Lamlungu seveni koloko ndikupezeni mwaliza kale injini. Mukachedwa, dzina la mmisiri wa chipewa uja ine ndikulikumbuka."